Sajeni Nzunga wa ku Biriwiri

Fabiano Nzunga adabadwa mu 1965 m'mudzi wina wa m'mapiri a ku Biriwiri, kuja munthu ukangodumpha msewu wa tala ndiye kuti wafika kale ku Mozambiki. Bambo ake, a Jasper, adatha zaka khumi ndi ziwiri akukumba m'migodi ya ku Joni. Adabwerako ndi njinga, jekete lachikopa ndi chifuwa chosamva mankhwala, ndipo atafika adagula ng'ombe ziwiri zokoka ngolo. Chifukwa cha chifuwacho, Fabiano adasiya sukulu ali Sitandade 7 n'kugwira khasu.

Sadadandaule, pakuti ulimi adaukonda. Kachewere wake ankabereka mochititsa kaso, kabichi wake ankamanga mitu yoti mwana sanganyamule. Dimba lawo lidali kutsidya kwa kamtsinje ka Kanyimbi, kumene ngolo sinkafika, choncho thumba la kachewere ankalisenza paphewa kuchoka kudimbako, kuwoloka madzi, kukwera chitunda mpaka kumsewu, osalitula.

Ali ndi zaka makumi awiri adakwatira Eliness, mwana wa kwa a Ngozo, amene mudzi wonse umamutchula kuti Nangozo. Chaka chotsatira kudabadwa mwana wawo woyamba, Sibongile.

Chidali chaka chomwecho cha 1986 pamene nkhondo ya ku Mozambiki idafika pakhomo pawo. Anthu othawa ankadumpha msewu ali ndi mitolo pamutu, ana kumsana. Fabiano adapereka mbali ina ya munda wake kuti mabanja atatu amangepo zisakasa. Mvula itagwa, chiwawu chidawotcha kachewere yense, masamba kuda bii ngati wathirapo madzi otentha. Kenaka tsiku lina masana, dzuwa likuswa mtengo, amuna anayi amfuti adatulukira kudambo n'kukusa ng'ombe ziwiri zija, kulowa nazo kutsidya kwa malire. Palibe adayerekeza kuwatsatira. A Jasper adakakhala pakhomo la khola lopanda kanthu, akutsokomola.

Patapita miyezi ingapo, wailesi idalengeza kuti kuboma ku Ntcheu kukubwera olemba asilikali. Fabiano adayamba wauza bambo ake.

“Ine ndidapita kokumba pansi, ndidabwerako ndi chifuwa,” adatero a Jasper. “Iwe ukupita kwa mfuti. Ukabwerako ndi chiyani?”

“Ndikabwerako ndi ng'ombe, bambo.”

Madalawo adaseka pang'ono, kuseka kwakeko kudathera m'kutsokomola. Sadamuletse.

Kwa Nangozo ndiko kudavuta kuyamba. Fabiano adazungulira ndi mawu mpaka mkaziyo adamudula.

“Abambo a Sibongile, ndamva kale kwa apongozi. Pitani. Munda ndiuona ine. Koma muzilemba makalata, ndisamamve za inu kwa anthu.”

Ku Salima, kumene adakaphunzira usilikali, chimene chidamuzunza sichidali kuthamanga kapena kunyamula katundu. Kudali kutentha. Mwana wa kumapiri adatuluka zotupa thupi lonse, malungo adamugwetsa kawiri. Amene ankamutungira madzi ndi kumupukutira majombo masiku amenewo adali Paison Gwaza wa ku Kasinje, kamunthu kakafupi, kolongolola, kodziwa kuseketsa anthu ngakhale aphunzitsi atawalanga. Atamva kuti onse ndi a ku Ntcheu, ubale udayambira pomwepo.

Ng'ombe zija Fabiano adagula ndithu, chaka chake chachiwiri cha ntchito. A Jasper adaziona, adazisisita pamsana, adazipatsa maina. Adamwalira mvula yotsatira isanathe.

Pa nthawiyo asilikali a Malawi ankatumizidwa ku Mozambiki kukalondera njanji ya ku Nacala, kuti sitima zonyamula feteleza ndi mafuta zizifika kuno. Fabiano ndi Paison adapita limodzi. Ntchito yawo idali yotopetsa kuposa yoopsa: pamalo okayikitsa sitima inkayenda pang'onopang'ono, asilikali angapo ali patsogolo wapansi, maso panjanji.

Tsiku lina m'mawa, mu Epulo 1990, adafika pamalo pamene njanji idadutsa pakati pa zitunda ziwiri. Mvula idali itangosiya kumene, ndipo m'mbali mwa njanji mudamera chisoso chobiriwira bwino. Pamwamba pa mabogi padakhala anthu wamba ambiri, amayi ndi ana, okwera ulele kupita kumidzi ya kutsogolo. Fabiano, amene adali wachiwiri pamzere, adaima n'kukweza dzanja.

Mkulu wa gulu lawo, lefutenanti wachinyamata, adabwera akuthamanga.

“Nzunga, chavuta n'chiyani? Tachedwa kale.”

“Bwana, chisoso icho chachita kuwokeredwa. Dzulo lomweli.”

Lefutenanti adayang'ana. Adangoona udzu ngati udzu wina uliwonse.

“Wadziwa bwanji?”

“Ndakula ndikuwokera kabichi, bwana. Mbewu yowokera imagwetsa makutu chonchi dzuwa likatuluka. Taonani chinzake chonse chaima, ichi chokha chawerama. Ndipo dothi la patsinde lakanikizidwa ndi chala.”

Bwanayo akadatha kumuseka. Sadatero. Adaimitsa sitima, n'kuitana odziwa za mabomba. Atafukula mosamala pansi pa chisoso chija adapeza waya, ndipo wayayo adawalondolera ku bomba lalikulu lokwiriridwa pansi pa njanji.

Amene adalitchera adali pachitunda, akudikira kuti sitima igubuduke. Ataona kuti yaima patali, adayamba kuwombera. Anthu a pamabogi adadumphira mbali inayo akulira. Msilikali wina, Gracious, adagwa pomwepo osadzukanso. Fabiano adadziponya m'ngalande. Atadzutsa mutu adaona Paison ali gone pakati pa njanji, poyera, magazi akutuluka pantchafu ngati pampopi.

“Nzunga, usabwere!” Paison adakuwa. “Usabwere, ndakuuza!”

Fabiano adakwawa ndi mimba pamiyala mpaka adamufika. Adavula lamba n'kumumanga ntchafu mwamphamvu. Kumukoka sikukadatheka, miyala ikadamumaliza. Adamuponya paphewa, adaimirira, n'kuyamba kuthamanga chowerama kulowera kuseri kwa injini. Ali pafupi kufika adamva ngati wina wamumenya ndi chibonga pabondo. Sadagwe. Adakamutula mnzakeyo kuseri kwa gudumu lachitsulo, ndiye n'kuona kuti buluku lake lomwe lanyowa magazi.

Nkhondoyo sidathe ola. Zigawenga zitathawa, Fabiano adakhala pansi, anzake n'kumupatsa madzi.

Mwendo wa Paison madokotala adaudula, koma moyo udatsala. Fabiano adatsala ndi kachitsulo m'bondo kamene kamamukumbutsa kukazizira. Lefutenanti uja, polemba lipoti, sadadzitengere ulemu. Adalemba zonse monga zidachitikira, za chisoso zomwe. Mpaka lero a Nzunga akamakamba nkhaniyi amati: “Mwana uja adali ndi sukulu, ine ndidalibe. Akadati ‘tiyeni’, ndikadayenda. Anthu onse aja adapulumuka chifukwa munthu wamkulu adamvera wamng'ono.”

Mendulo adamuveka chaka chotsatira paperete ku Zomba. Nangozo adakwera basi ndi Sibongile, ulendo wake woyamba kutuluka m'boma la Ntcheu. Perete atatha adaigwira menduloyo, adaitembenuza uku ndi uku.

“Ndiye kameneka ndiko mukadafera?”

“Si kameneka ayi. Paison.”

“Chabwino. Koma m'kalata mudati mwangopunthwa pabondo. Bodza limenelo musadzalibwerezenso.”

Zaka zidayenda. Adakwezedwa kukhala koplo, kenaka sajeni. Adaphunzitsa anyamata ongolembedwa kumene, adapitako ku Congo kukasungitsa mtendere. Kumudzi ankabwera patchuthi pokha. Ulendo uliwonse ankapeza chatsopano: mwana wachiwiri, Mfundo, wayamba kuyenda, dimba lakula, pamene padali nyumba yaudzu paima ya njerwa zowotcha, malata ali waliwali. Zambiri mwa izo zidachokera m'tomato ndi kachewere wa Nangozo, amene ankapita yekha ku Nsipe kukakangana mitengo ndi ogula a ku Blantyre.

Adachoka ali Fabiano, adabwerera mu 2009 ali a Nzunga, imvi zitayamba m'mbali mwa mutu. Miyezi yoyamba idali yovuta. Ankadzutsa nyumba yonse m'mamawa, ankayendera mizere ya chimanga ngati akuyendera asilikali, ankakalipira aganyu mpaka awiri adasiya makasu n'kumapita. Nangozo adawapirira mpaka tsiku limene a Nzunga adamuuza kuti akubzala kachewere molakwika.

“Abambo a Sibongile, khalani pansi,” adatero mayiyo. “Kuno si kubalaki. Mbewu imene mukuidziwa inu idatha kalekale. Iyi ndi ina, ndipo ndailima zaka khumi inu kulibe. Mukafuna, ndikuphunzitsani.”

M'mawa mwake a Nzunga adatenga khasu n'kuyenda pambuyo pa mkazi wawo. Amanena okha kuti pa aphunzitsi onse amene adakumana nawo, ameneyu ndiye adali wosanyengerera.

Za ndale sankaziganizira n'komwe. Zidawapeza mu Januwale 2013. Tsiku limenelo mvula idagwa kuyambira m'mawa, ndipo Kanyimbi adadzaza mpaka m'madimba. Lufina, mkazi wa mnansi wawo wa kutsidya, matenda a uchembere adamuyamba masana, ndipo azamba adaona kuti mwana wagona mopingasa. Amuna adamunyamula pamachira mpaka pamtsinje, n'kuima. Galimoto idali kudikira kumsewu, tsidya lino, koma madzi adali olusa. A Nzunga adadzimanga chingwe m'chiuno, adawoloka, adakachimangirira kumtengo, ndipo amuna asanu ndi mmodzi adawolotsa machirawo atagwira chingwecho, madzi ali m'khosi. Zidatenga maola awiri. Kuchipatala mayiyo adapulumuka. Khanda silidalire.

Patatha mwezi, amayi khumi ndi awiri adafika pakhomo pa a Nzunga, atatsogozedwa ndi mayi Rute, wapampando wa gulu la amayi olima masamba. Adakhala pamphasa, adapereka moni, kenaka mayi Rute adalunjika pankhani.

“A Sajeni, chaka chamawa kuli chisankho cha makhansala. Ife takambirana. Tikufuna muimire inu.”

“Amayi, ine ndale sindizidziwa. Ndale zimafuna munthu wa pakamwa potsekemera.”

“A pakamwa potsekemera tawaona. Mlatho wa pa Kanyimbi akhala akutilonjeza kuyambira ine ndili mtsikana. Ife tikufuna munthu amene adalowa m'madzi aja.”

A Nzunga adapempha masiku oti aganize. Alendo atapita adafunsa Nangozo maganizo ake.

“Zaka makumi awiri ndi ziwiri mudalondera anthu a kutali,” adayankha mayiyo. “Zisanu zokha kulondera a kwanu kuno zikukanikani?”

Adaima paokha, opanda chipani. Kampeni yawo idali ya panjinga, mudzi ndi mudzi, bondo likuwawa. Wopikisana nawo wamphamvu adali a Cyprian, mwini malole awiri onyamula kabichi, munthu wodziwa kulankhula. Pamsonkhano wina a Cyprian adati: “Msilikali amadziwa chiyani kupatula kuwombera? Mwamufunsa kuti adapha anthu angati?” Mawuwo adafika kwa a Nzunga tsiku lomwelo, ndipo adawalasa. Adakhala masiku atatu osatuluka.

Nkhaniyo idamveka mpaka ku Kasinje. Loweruka lotsatira, anthu atasonkhana pabwalo la sukulu, idafika njinga yamoto ya kabaza, ndipo padatsika kamunthu kakafupi ka mwendo umodzi, ndodo ziwiri m'khwapa. Adali Paison, amene tsopano ankasoka nsapato kwawo. Sadadikire kuitanidwa.

“Ine sindivota kuno,” adayamba motero. “Ndamva kuti mukufunsa kuti Nzunga adapha angati. Ine sindidawerenge. Ndidawerenga amene adatsika pasitima tsiku lija ali moyo, ndipo zala zidandithera. Ineyo ndidamuuza kuti asabwere kudzanditenga. Sadamve. Ndiye ndikuchenjezeni: munthu uyu ndi wosamva. Mukamutuma mlatho, ngakhale mudzamuuze kuti basi zisiyeni, sadzamva.”

Anthu adaseka, amayi adaimba nthungululu. A Nzunga adayang'ana pansi, misozi ikugwera pansapato. Mu Meyi 2014 adapambana.

Kukhonsolo adaphunzira kuti kupambana chisankho si kumanga mlatho. Pamsonkhano woyamba adaimirira, adafotokoza za Kanyimbi mwachidule ngati akupereka lipoti, n'kukhala pansi akuyembekeza kumva tsiku loyambira ntchito. M'malo mwake adaimirira khansala wina kunena za mtsinje wa kwawo, wina za sukulu yopanda denga, wina za mjigo. Aliyense adali ndi Lufina wake. A Nzunga adamenya tebulo, koma palibe chidasintha.

Potuluka adawakokera pambali a Raphael, kalaliki wachikulire amene adaona makhansala ambiri akubwera ndi kupita.

“A Sajeni, kuno kulibe wolamula mnzake. Thumba ndi limodzi, manja ndi ambiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pitani mukauze anthu anu atute miyala ndi mchenga. Injiniya akadzaona mulu, pepala lanu lidzakwera pamwamba.”

Anthu adatuta. Lachiwiri lililonse amayi ankasenza mchenga m'ndowa, amuna ankaswa miyala, a Nzunga ali nawo limodzi ndi hamala yawo. Koma miyala yabwino idali kutali, kuphiri, ndipo ngolo sizikadakwanitsa. Chaka chidatha, chachiwiri chidayamba, pamulu wa mchenga padamera udzu. Achinyamata adayamba kupatchula pamalopo kuti “pa mlatho wa a Sajeni”, akuseka.

Apa a Nzunga adachita chinthu chimene amati chidawavuta kuposa kukwawa panjanji paja. Adavala jekete, adapalasa njinga mpaka kunyumba kwa a Cyprian, adagogoda.

“Achimwene, ndabwera kudzapempha lole. Miyala ili kuphiri, ife mphamvu zatithera.”

A Cyprian adatuluka n'kuwafunsa:

“Inu mukudziwa zimene ndidanena za inu pamsonkhano paja?”

“Ndikudziwa. Koma kabichi amene mumanyamula amachokera kutsidya komweko.”

A Cyprian adapukusa mutu, adaseka, kenaka adati: “Mawu aja adali oipa, a Nzunga. Ndakhala ndikusowa poyambira. Lole ibwera Lachiwiri, dalaivala ndi mafuta ndi zanga.”

Idabwera Lachiwiri limenelo ndi ena asanu otsatira. Injiniya atafika adapeza phiri la miyala m'mbali mwa mtsinje, ndipo chaka chotsatira simenti ndi zitsulo zidafika. Mlatho udatha mu Okutobala 2017. Si waukulu ayi, galimoto imadutsa imodzi, koma mvula ya chaka chimenecho palibe adagona kutsidya chifukwa cha madzi.

Mu 2019 adaimanso, ndipo adagonja. Adawaposa mayi Thokozile, mphunzitsi wachitsikana amene ankalankhula za sukulu ya sekondale ndi ntchito za achinyamata, zinthu zimene a Nzunga sankazidziwa bwino. Zidawawawa, sabisa. Sabata yathunthu ankangoti “anthu ndi osayamika”, mpaka Nangozo adawafunsa ngati mlathowo adaumanga kuti anthu aziwoloka kapena kuti aziwavotera. Lamlungu lake adanyamula dengu la kachewere n'kupita kwa mayi Thokozile kukawafunira zabwino. Adawapatsanso kope lawo lolembamo mavuto a mudzi uliwonse, n'kuwauza kuti akakafika kukhonsolo akayambe apereka moni kwa a Raphael.

Kuyambira pamenepo ali kumunda. Sibongile ndi namwino, Mfundo amakonza magalimoto ku Lilongwe. A Nzunga atakwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi, anawo adakonza mapemphero othokoza kutchalitchi, kenaka phwando pakhomo. Kudabwera anthu a mbali zonse za Kanyimbi. Amuna a ngoma adafika ndi zishango ndi nthenga kumutu, fumbi lidakwera. A Nzunga adalowa m'bwalo, adaponda kawiri katatu, bondo lidakana, adatuluka anthu akuwaombera m'manja.

Atawapempha kuti alankhule, adaimirira atagwira mpando.

“Ine ndilibe mawu ambiri. Mwanditamanda kuyambira m'mawa, ndipo ndamva. Koma ndikaona bwino, paliponse pamene ndidafika padali munthu wondigwira dzanja. Ena ali pano, ena adatsogola. Mulungu ndiye adawaika panjira yanga.” Adatembenukira kumene kudakhala amayi. “Koma pali mmodzi amene sadavekedwepo kanthu pachifuwa. Adalera ana yekha, adaika bambo anga m'manda ine ndili kutali, adamanga nyumba imene mwakhala pakhonde pakeyi. Pamaso pa nonsenu ndikuti: zikomo, Ngozo. Ngozo!”

Adawomba m'manja mwaulemu, atawerama, monga amachitira Angoni pothokoza munthu ndi mfunda wake. Amuna onse adawomba nawo. Nangozo adaphimba nkhope ndi chitenje, mapewa akugwedezeka, amayi anzake akumugwira. Atachotsa chitenjecho maso adali ofiira, koma mawu adatuluka bwinobwino.

“Ndamva, abambo a Sibongile. Zikomo, Nzunga. Tsopano khalani pansi, bondolo lingatupe. Mawa tili ndi tomato wothyola.”